Mwamusambitsa koma akudzikandabe: chimene chimabweza nthata ndi nkhupakupa pakhomo

Kuno ku Dedza chisanu chimatinamiza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi galu amangodzipinda pakhomo pa khitchini, ubweya uli see, kudzikanda mwa apo ndi apo, ndiye timayesa kuti mankhwala amene tinamusambitsa nawo m'dzinja aja anathetseratu zonse. Mphepo ya Ogasiti ikangodutsa, dzuwa n'kuyamba kuwawa, galu yemwe uja amayamba kudzitafuna kumchira, kupukusa mutu, kudzikhula kuchipupa. Pomafika mvula yoyamba makutu adzaza nkhupakupa, ana nawonso ayamba kudandaula kuti pakhonde pakuluma. Mwini wake agula kabotolo ka mankhwala a dibi, amusambitsa Loweruka, pofika Lachitatu galu wayambiranso. Mlandu umagwera mankhwala, ati a masiku anowa ngosukuluka.

Osukuluka alipodi, ndipo tikambapo. Koma kawirikawiri mankhwala amakhala atagwira ntchito yake, apha zimene zinali pa galu tsikulo. Zimene mukuziona Lachitatu ndi zina, zatuluka pansi pamene galuyo amagona. Mazira ndi ana a nthata amakulira m'fumbi ndi m'ziguduli, ndipo nkhupakupa ikakhuta imagwa n'kukabisala m'ming'alu ya zipupa. Amene akusambitsa galu osakhudza pogona pake adzakhala akugula mankhwala mpaka Epulo.

Nyengoyi siyambira pamodzi m'madera onse a Dedza ndi Ntcheu. Pa boma, pamene pali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndi ku Bembeke kapena ku Tsangano, kuzizira kumachedwetsa tizilomboti ngakhale sikutipha. Mukatsika ku Golomoti, ku Mtakataka kapena m'chigwa cha Bwanje, tizilomboti sitipuma kwenikweni chaka chonse. Koma konseko nthawi yabwino yoyambapo ndi Seputembala ndi Okutobala. Dzuwa ndi kuuma kwa nthaka zimapha ana a nthata pabwalo poyera, otsalawo amapulumukira m'malo ochepa amthunzi ndi achinyontho: pansi pa nkhokwe, kuseri kwa bafa, kunsi kwa thandala kumene kumadonthera madzi a mbale, ndi m'khola la galu lenilenilo. Malo amenewa mungathe kuwawerenga ndi zala. Mvula ikagwa, bwalo lonse limasanduka lawo.

Yambani mwaona chimene chikumuluma

Paja amati galu wamkota sakandira pachabe. Wodzikanda naye ali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho muchione ndi maso musanatulutse ndalama, poti mankhwala a chilombo china sagwira pa chinzake.

Mugonekeni chagada padzuwa la m'mawa, muyang'ane pamimba ndi m'mphechepeche mmene ubweya uli wochepa. Nthata ndi zofiirira, zaliwiro, mukangopatula ubweya zimalowa kwina kapena kudumpha. Mukapanda kuziona, pesani pamsana pafupi ndi tsinde la mchira ndi chipeso cha mano othinana, zimene zatulukazo mugugudire pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikasungunuka n'kufiira, ndi ndowe za nthata, kutanthauza magazi a galu wanu. Dothi wamba silifiira.

Nkhupakupa sizithawa. Muzifunefune m'kati mwa makutu, pakati pa zala, m'khwapa, m'khosi pamene pamadutsa lamba kapena tcheni, m'zikope ndi kunsi kwa mchira. Mukaona tinthu takuda tomatirira mondondozana m'mphepete mwa makutu, tosayenda komanso tosatupa, umenewo ndi utitiri wa nkhuku, womwe uja umazungulira maso a anapiye. Gwero lake ndi khola la nkhuku, ndipo galu mungamusambitse kangati, ngati kholalo simunalikhudze ubwerera. Pa galupo pakani Vaseline wambiri pamene wamatirira, umafa chifukwa chosowa mpweya.

Nthata zikabwerera patangotha masiku ochepa

Nthata yaikazi ikayamwa magazi imayamba kuikira mazira pasanathe masiku awiri, ndipo imatha kuikira mpaka 50 pa tsiku. Mazirawo samatirira paubweya, amayoyoka paliponse pamene galu wagona kapena wadzikutumula. Amaswa timphutsi toyera tovuta kuona, timene timathawa kuwala n'kulowa m'fumbi, m'ming'alu ya simenti ndi m'ulusi wa chiguduli. Kenaka kalikonse kamadzikulunga m'kachikwa, ndipo m'menemo mankhwala ambiri salowa. Kukafunda, ulendo wonsewu umatha m'masabata awiri kapena atatu. Kukazizira, nthata imadikira m'chikwamo kwa miyezi mpaka itamva kutentha ndi mgugu wa chinthu chodutsa. N'chifukwa chake munthu akatsegula nyumba imene inakhala yotseka holide yonse, akakolo amada ndi nthata asanakhale n'komwe pansi. Owerengera amati pa nthata 100 za pakhomo, zimene zili pa chiweto ndi 5 zokha, zina zonsezo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa.

Ndiye ntchito yaikulu ndi ya tsache, moto ndi madzi owira. Ziguduli zimene galu wagonera chisanu chonse tenthani, musamve nazo chisoni. Bulangete kapena chitenje chimene mukufuna kusunga chichapeni m'madzi otentha, muyanike padzuwa la masana, ndipo muzitero sabata iliyonse. Sesani pogona pake, pakhonde ndi pansi pa nkhokwe, koma zinyalalazo musakataye kudzala, kumeneko n'kungozisamutsa, zitentheni pomwepo. M'makona ndi m'ming'alu thirani madzi owira, ana ndi ziweto zili kutali. Pansi pa dothi pazireni mwatsopano, pa simenti matani ming'alu. Ngati khola la galu lili pamalo amene dzuwa silifikapo tsiku lonse, ganizirani zolisuntha kapena kutsegula mbali imodzi kuti dzuwa la m'mawa lizilowa.

Pa galu mwini pamafunika mankhwala okhalitsa pakhungu, oti nthata iliyonse yotuluka m'chikwa ikangokwera ife isanaikire mazira. Sopo wamba amapha nthata zimene zilipo, makamaka mukayamba kupanga thovu m'khosi kuti zisathawire kumutu, koma galu akangouma sopo watha ntchito. Okhalitsa ndi monga odontheza pakhosi okhala ndi fipronil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Frontline, oika mwezi ndi mwezi. Palinso mapiritsi omwetsa agalu: NexGard wa mwezi umodzi, Bravecto wa masabata 12. Amenewa amagwira nthata ndi nkhupakupa zomwe, ndipo mvula siwatsuka, koma ngokwera mtengo ndipo nthawi zambiri muyenera kukawapeza kwa madokotala a ziweto ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kwa amene ali ndi galu mmodzi womukonda, ine ndimati piritsi limodzi la Bravecto lomwetsa mu Novembala, loti limufikitse mu Febuluwale, limaposa timabotolo tambirimbiri togula mwa apo ndi apo.

Mukaika mankhwala koma osaona kusintha, fufuzani zinthu izi. Choyamba, werengani dzina la mankhwala enieni pa lebulo. Mankhwala ambiri a dibi ya ng'ombe ali ndi amitraz, amene ndi katswiri pa nkhupakupa ndi mphere koma pa nthata sachita kanthu kwenikweni. Anthu ambiri amene amati dibi yasukuluka amakhala akulimbana ndi nthata ndi mankhwala a nkhupakupa. Chachiwiri, kodi mwaika ziweto zonse tsiku limodzi? Galu mmodzi kapena mphaka wosiyidwa amadyetsa nthata za pakhomo ponse. Odonthezawo amayenera kufika pakhungu, mutapatula ubweya kumbuyo kwa khosi kumene lilime silifika, ndipo galu asasambe masiku awiri musanaike ndi masiku awiri mutaika, chifukwa mankhwalawo amayenda ndi mafuta a pakhungu. Kugawa kachubu kamodzi kwa agalu atatu n'kutaya ndalama, aliyense amalandira mlingo wosakwana.

Mlingo umatsata kulemera, ndipo kulemera sitiyeza ndi maso. Sikelo yopachika ija yogulira soya kapena mbatata imakwana: lowetsani galu m'thumba mutu uli kunja, kolekani, werengani. Wamkulu wosalola zimenezo munyamuleni mukwere naye pa sikelo yopondapo, kenaka mukwere nokha, muchotsere.

Za osukuluka aja: mankhwala otsanulidwa m'timabotolo topanda lebulo, ogulitsidwa padzuwa tsiku la msika, simungadziwe kuti muli chiyani, anathiramo madzi ochuluka bwanji, kapena anatha liti mphamvu. Gulani osindikizidwa, okhala ndi dzina, mlingo ndi tsiku lothera ntchito. Ndipo mukayamba musalekeze panjira. Zikwa zimapitiriza kuswa kwa masabata ambiri, choncho kuona nthata zingapo sabata yachitatu sikutanthauza kuti mwalephera. Pamafunika miyezi itatu yotsatizana kuti pakhomo payere.

Alimi ena amasinja masamba a ombwe, kuwaviika m'madzi n'kupopera ng'ombe kapena m'makola. Ombwe amaphadi tizilombo, koma mphamvu yake imasiyana, wina amaoneka chimodzimodzi koma alibe mphamvu konse. Ine ndingamuthire pansi ndi m'zipupa, osati pa mphaka kapena tiana ta galu, ndipo zotsala zake zisafike kumtsinje kapena padamu la nsomba, amapha nsomba.

Nkhupakupa zosatha m'makutu

Pali nkhupakupa za kutchire ndi za pakhomo, ndipo kuzisiyanitsa kumathandiza. Galu amene amatsatira ng'ombe ndi mbuzi kudambo, kapena amene amapita ndi anyamata kosaka mbewa, amabwera nazo za mitundumitundu, zina zamawangamawanga zokhala ndi mlomo wautali umene umasiya chilonda. Zimenezi zimachuluka udzu ukakula m'dzinja. Koma galu womangidwa pa tcheni, amene satuluka kumpanda, akadzaza nkhupakupa zofiirira, dziwani kuti zikuswana pakhomo pomwepo. Mtundu umenewu umatha kukhala moyo wake wonse m'khola la galu ndi m'nyumba. Imayamwa katatu pa moyo wake, ndipo ulendo uliwonse ikakhuta imagwa n'kukabisala. Yaikazi yokhuta imaikira mazira mpaka 4,000. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti imakonda kukwera m'mwamba. Inu mukusesa pansi, izo zili m'ming'alu ya njerwa zosapaka pulasitala, kuseri kwa mafelemu a zitseko, pansi pa malata a khola. Tengani tochi usiku muunike chipupa chimene galu amatsamira, kuyambira pansi mpaka kudenga, mudzaziona zikuyenda.

Zipupa zimenezo zipopereni ndi mankhwala amene lebulo yake ikulola kupopera m'makola, mulowetse m'ming'alu, ziweto zibwerere pokhapokha pauma. Bwerezani pakatha masabata awiri, ndi kubwerezanso, chifukwa mazira obisika amaswa pambuyo pake. Kenaka matani ming'aluyo. Udzu wozungulira khola uzikhala wotchetcha.

Pozula nkhupakupa gwirani pafupi ndi khungu penipeni, ndi kachopanira kapena zala zokutidwa ndi pulasitiki, mukoke molunjika pang'onopang'ono. Musaitenthe ndi ndudu kapena kuithira parafini ili pakhungu, ndipo musaiphwanye ndi zikhadabo. Yozulayo iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka parafini. Kuiponya pansi, monga timachitira tikakhala pakhonde madzulo, n'kubzala mazira masauzande pabwalo panu. Kuzula tsiku ndi tsiku kuli ndi phindu lenileni, poti kachilombo kena koopsa kwambiri kamalowa m'magazi nkhupakupa ikakhala itayamwa kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Ngati mukugwiritsa ntchito amitraz pa galu, funsani mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), kaya ndi ku Linthipe, Lobi, Mayani, Njolomole kapena Nsipe, akuuzeni mlingo wa galu wa botolo limene mwagulalo, chifukwa mabotolo amasiyana mphamvu. Yezani ndi jakisoni wopanda singano, osati chitsekerero cha botolo. Sungunulani okwana tsiku lomwelo, osungunula kale sachedwa kuwonongeka. Musambitseni m'mawa kapena madzulo panja, mutavala magolovesi, muteteze maso ndi kukamwa, ndipo musamutsukuluze, aume yekha. Galu amatha kuwodzera tsiku limenelo. Tiana tosakwana miyezi 4, galu wodwala ndi amphaka musawasambitse amitraz, ndipo munthu wa matenda a shuga kapena mayi woyembekezera asiyire ena ntchitoyi.

Galu wafooka, wakana chakudya

Apa m'pamene agalu ambiri amafera, ndipo eni ake amati amudyetsa poizoni. Galu amene sasiya mkute akangonunkhiza mbale n'kukagona, mphuno ndi makutu zili moto, tukulani mlomo wake muone nkhama. Za galu wathanzi zimakhala zofiirira bwino. Zikayera, kapena zikaoneka zachikasu pamodzi ndi m'maso, mkodzo n'kukhala wofiira kapena woderapo, amenewo ndi malungo a nkhupakupa otchedwa babesiosis. Kachilombo kake kamaswa maselo ofiira a magazi, ndipo galu amatha kufa m'masiku ochepa. Amayamba patapita sabata imodzi mpaka atatu chilumidwireni, choncho musanene kuti alibe nkhupakupa lero ndiye si zimenezo. Palinso ehrlichiosis, imene imabwera mozemba: galu kuonda pang'onopang'ono, nthawi zina kutuluka magazi m'mphuno. Imeneyi imachizidwa ndi doxycycline kwa masiku 28, ndipo olekeza pa sabata imodzi chifukwa galu wayamba kudya amaibweza.

Matenda awiriwa si ochizira pakhomo. LA wa anthu sathandiza. Panado ndi Brufen zimawononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu, ndipo mphaka piritsi limodzi la Panado limatha kumupha. Jakisoni wa diminazene, amene oweta ng'ombe amamudziwa kuti Berenil, amachizadi babesiosis, koma pa galu malire a mlingo wochiza ndi wakupha ali pafupi kwambiri. Kupyoza pang'ono, kapena kubwereza mawa lake poona kuti galu sanadzuke, kumawononga ubongo, ndipo zikatero palibe chobweza. Abaye ndi wodziwa, atamuyeza pa sikelo. Yambirani kwa mlangizi wa ziweto kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma. Galu amene nkhama zayereratu amafunika chipatala cha ziweto, monga cha LSPCA ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma la Dedza.

Zotupa za mphutsi ndi makutu odyeka

Nthawi ya mango tiana ta galu timatuluka zotupa zokhala ndi kabowo pakati, pamimba, m'miyendo ndi kumchira. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga kapena dothi lamthunzi lonunkha mkodzo ndi ndowe, komanso pa nsalu zonyowa. Timphutsi tikaswa timadikira chofunda chigonepo, n'kuboola khungu, ndipo timakula m'menemo kwa masiku 8 mpaka 12. Matani kabowoko ndi Vaseline, dikirani pang'ono, mphutsi imasuzumira kufuna mpweya, ndiye finyani kuchokera m'mbali ituluke yathunthu. Ikadukira m'kati pamachita mafinya. Tsukani ndi madzi amchere owiritsa. Zikabwerera sabata ndi sabata, vuto ndi malo: galu womangidwa pamodzimodzi, pokodza pomwepo pogona pomwepo. Musuntheni, muzichotsa ndowe tsiku lililonse, pogona pakhale pouma ndi pokwera, ngakhale pa matabwa. Ntchentche yomweyi ndi imene imalowetsa mphutsi mwa ana athu kudzera m'zovala zoyanika pansi, choncho matewera ndi zovala zamkati zizisitidwa.

Nsonga za makutu zokha zikamachucha magazi n'kuchita nkhanambo zakuda, ndi ntchentche zoluma zimene zimaswana mu ndowe zosakanikirana ndi udzu wonyowa. Galu womangidwa pafupi ndi khola la ng'ombe kapena mulu wa manyowa sapola makutu. Mutalikitseni, tsukani zilondazo, muzipaka Vaseline wokhuthala m'mawa uliwonse kapena mafuta othamangitsa ntchentche a m'mashopu a mankhwala a ziweto.

Ubweya ukuthothoka

Musathamangire kunena kuti ndi mphere. Kuthothoka kwa pamsana chakumchira nthawi zambiri ndi nthata, ndipo agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata moti zochepa chabe zimawasupula. Mphere yoyabwa imayambira m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba. Tikitani m'mphepete mwa khutu ndi zala ziwiri: mwendo wakumbuyo ukayamba kupalasa wokha, n'kutheka kwambiri kuti ndi imeneyo, ndipo imapatsirana kwa agalu ena, anthu nawo amatuluka nsungu zoyabwa m'manja. Palinso ina ya agalu ang'onoang'ono, yoyambira kuzungulira maso ndi kukamwa, yosayabwa kwambiri. Zigamba zozungulira zokhala ndi mfundumfundu ndi chipere, chimene dibi sachita nacho kanthu ndipo chimagwira ana.

Oyilo wakuda wa galimoto, amene anthu amapaka galu wamphere mpaka kuoneka ngati watuluka m'ng'anjo ya makala, amatentha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Mphere imachizika ndi ivermectin wobwereza pakatha masabata awiri, ndi amitraz, kapena ndi mapiritsi a nkhupakupa aja. Koma ivermectin wa m'mashopu ndi wa ng'ombe, mlingo wa galu ndi kadontho, ndipo tiana ndi agalu ena achizungu a mtundu wa Collie amafa naye. Nayenso ngwa mlangizi.

Njoka zam'mimba

Mukaona tinthu toyera tonga njere za mpunga tikuyenda pa ndowe kapena kunsi kwa mchira, ndi zidutswa za njoka yaphanthiphanthi imene galu kapena mphaka amaitenga akameza nthata podzitafuna. Imafa ndi praziquantel, ivermectin saigwira, ndipo nthata zikakhalapobe imabwerera m'masabata ochepa. Mvula imadzutsanso njoka zina zoyamwa magazi m'matumbo, zimene ana ake amakhala m'dothi lonyowa n'kulowera pakhungu. Zimenezi zimapha tiana ta galu: mimba kutupa, nkhama kuyera, ndowe zakuda. Mwana wa munthu wosewera pamalo pomwepo amatuluka kamzere kofiira koyabwa, kokhotakhota, kuphazi kapena kumatako. Tiana ta galu tizimwa mankhwala a njoka kuyambira masabata 2, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka titakwana masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Akuluakulu miyezi itatu iliyonse, make wa tianato osamuiwala. Ndowe zizikwiriridwa kapena kutayidwa m'chimbudzi.

Amphaka ndi tiana

Mphaka si galu wamng'ono. Chiwindi chake chimalephera kuchotsa mankhwala ambiri amene galu amapirira, ndipo amadzinyambita thupi lonse. Permethrin, amene ali m'mankhwala ambiri odontheza ndi opopera agalu, amapha amphaka, ngakhale mphaka wongogona mokhudzana ndi galu amene wangoikidwa kumene. Cypermethrin wa m'munda ndi wa dibi, ndi mankhwala otsukira m'zimbudzi onunkha phula aja, nazonso n'zoopsa kwa iye. Pa mphaka ikani chokhacho chimene lebulo yake yatchula mphaka. Fipronil amaloledwa kuyambira masabata 8, koma pa akalulu ayi, amawapha.

Tiana tosakwana msinkhu umenewu nthata zimatha kutimaliza magazi. Tipeseni tsiku ndi tsiku ndi chipeso chothinana, chipesocho muzichiviika m'madzi a sopo. Tikadzaza kwambiri tisambitseni m'madzi ofunda ndi sopo wofatsa masana dzuwa lili pamutu, mutipukute mpaka tiume. Kuzizira kwa madzulo a kuno kumapha kamwana konyowa msanga kuposa mmene nthata zingakaphere. Make muikeni mankhwala oyenera, ndipo pogona pawo muzisintha kawirikawiri.

Mankhwala akamupweteka

Ufa wa Actellic ngwa chimanga, mankhwala a mbozi ngwa tomato ndi kabichi, opopera udzudzu ngwa m'chipinda. Zonsezi zimapezeka pakhomo pa mlimi aliyense wa ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo n'chifukwa chake zimathera pa agalu. Galu kapena mphaka akayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kudzandira, kusanza kapena kugwa patangopita maola ochepa chimuikireni mankhwala aliwonse, musambitseni msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, kawiri kapena katatu, mutavala magolovesi. Mupukuteni, mumufunditse, mumuike pamalo opanda phokoso. Musamukakamize kumwa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere, wonjenjemera amatsamwa nazo. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto mutatenga botolo limene munagwiritsa ntchito, poti mankhwala obweza poizoni amatsata dzina limene lili pa lebulo.

Koma ngati simunamuike kanthu, ndipo dovu likutuluka, khalidwe lasintha, akuluma zinthu zachabechabe, mawu asintha kapena chibwano chalendewera, musamusambitse ndipo musapise dzanja kukamwa kufuna fupa. Chimenecho chikhoza kukhala chiwewe. Mutsekereni pamene sangafike kwa anthu ndi ziweto, mudziwitse a zaziweto ndi amfumu. Wolumidwa kapena wonyambitidwa pabala atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo afe. Dibi, mapiritsi a nkhupakupa ndi mankhwala a njoka sizitchinjiriza chiwewe. Chimafuna katemera wake, kuyambira galu kapena mphaka ali ndi miyezi 3, ndi kubwereza chaka chilichonse. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 Seputembala, nthawi yomwe ija yoyenera kuyamba kusesa pansi pa nkhokwe. Katemera akalengezedwa m'dera lanu, pitani ndi galu, khadi lake, ndi botolo la mankhwala amene muli nawo kunyumba, mlangizi akakulembereni mlingo wake pomwepo.